Mlandu wa Chidole Chopanda Nkhope

Abale ndi alongo, a ku Malawi, a ku Chipata ndi Lusaka, a ku Tete ndi Niassa, ndi inu nonse amene mudatuluka kwanu kukasaka moyo monga ine, ndadza ndi mlandu. Mlanduwu ukuyambira pa chidole chapulasitiki, ndipo ndikudziwa kuti ena mwakwinya kale nkhope. Ndiloleni ndiufotokoze mpaka kumapeto, kenaka mugamule.

Ndimakhala ku Kijitonyama, mumzinda wa Dar es Salaam, pakhomo pa mlongo wanga. Iye ali ndi mwana wamwamuna wa zaka 11, wobadwira konkuno. Chiswahili ndicho amasewerera ndi anzake, Chingerezi ndicho amalembera kusukulu ndi kuonerera makanema, pomwe Chichewa amachimva akamatumidwa kukagula makala kapena akamakalipiridwa chifukwa chosatsuka mbale. Miyezi ingapo yapitayo adagula, pamulu wa zidole zakaunjika zimene amayala m'mbali mwa msewu, kamunthu kofiira ka mkono umodzi, kopanda chigoba chake cha kumaso. Atafufuza pafoni ya mayi ake adapeza kuti dzina lake ndi Tahu, wa m'gulu la zidole za Bionicle zimene kampani ya LEGO ya ku Denmark idayamba kugulitsa mu 2001. Adapezanso kuti kuseri kwa kamunthuko kuli nkhani yaitali, ndiponso mikangano ya okonda nkhaniyo imene sinathe mpaka lero. Kuchokera tsiku limenelo mafunso sadathe pakhomo. Ine ndidaika lamulo limodzi lokha: ndiyankha funso lililonse, bola lifunsidwe m'Chichewa.

Lamulungu lina tidali pakhonde tikutsutsana, pamene padafika mkulu wina wa kwathu, munthu amene tonse timamulemekeza, kudzacheza atatuluka m'tchalitchi. Adapeza mwanayo akundifunsa kuti, "Amalume, ngati amisiri aja ndiwo adapanga dziko la Tahu, nanga iwowo adawapanga ndani? Ndipo ngati kuli dziko lina kumene woipa uja ali wabwino, weniweni ndi uti?" Mkuluyo adamvetsera pang'ono, kenaka adatembenukira kwa ine. "Mwanawe, sukulu yonse udaphunzira ija mathero ake n'kukhala pansi kumakamba nkhambakamwa za zidole? Izi n'zachibwana. Komanso ukumuphunzitsa mwanayu kuti olenga ndi ambiri. Ngati mwalimbikira, kazikambani m'Chingerezi mmene zidachokera. Chichewa musachidetse nazo."

Ndidangoti, "Ndamva, bambo," popeza mkulu sayankhidwa pamaso pa mwana. Koma mwanayo adatola chidole chake n'kulowa m'nyumba, ndipo madzulo ake adandifunsa funso lomwe lija m'Chingerezi. Chimenecho ndicho chandilembetsa. Mkuluyo sali yekha m'maganizo amenewa, ndipo ndikuona kuti maganizowo, ngakhale amachokera pa chikondi cha chiyankhulo chathu, ndi amene akuchichotsa m'kamwa mwa ana athu.

Kuti tiyendere limodzi, ndiyambe ndafotokoza nkhaniyo mwachidule. Poyamba idaoneka ngati nthano wamba. Ankhondo asanu ndi mmodzi otchedwa Toa, aliyense ndi mphamvu yake, wina moto, wina madzi, wina mphepo, wina mwala, wina nthaka, wina madzi oundana, adafika ndi mafunde pachilumba cha Mata Nui ali m'zigubu. Anthu a pachilumbapo ankakhulupirira kuti Mzimu Wamkulu, dzina lake Mata Nui lomwelo, adagonekedwa tulo ndi mdani wake Makuta, ndipo ntchito ya Toa idali yomudzutsa. Ana adagula zidole, adawerenga timabuku, adaonera makanema kwa zaka zisanu ndi ziwiri osadziwa kuti mzimuwo wagona kuti. Kumapeto kwa 2008 chinsinsi chidaululika. Mata Nui adali chimakina chooneka ngati munthu, chotalika makilomita oposa 12,000, chogona chagada m'nyanja. Chilumba chija chidali pankhope pake. Mizinda ndi zilumba zina zidali m'kati mwa thupi lake, ndipo anthu aja adali antchito olisamalira, osadziwa kuti kwawo kwenikweni ndi m'thupi mwa amene ankamupembedza. Christian Faber, mmodzi mwa amene adayambitsa nkhaniyi, adafotokoza yekha kuti ganizoli lidamudzera pamene ankalandira mankhwala a chotupa cha m'mutu: thupi lodwala, ndi timibulu ta mankhwala tolowa kukalimenyera nkhondo.

Chimakinacho chidapangidwa ndi amene nkhaniyo imawatcha Great Beings, ndipo pa iwowa ndi pamene okonda nkhani amalimbanirana kwambiri. Adali akatswiri a padziko lotchedwa Spherus Magna, amene adasiya ulamuliro m'manja mwa mafumu opangidwa ndi iwo omwe. Mafumuwo adabutsa nkhondo, dziko lidang'ambika patatu, ndipo chimakina chija chidali choti chidzalilumikizenso. Mmodzi mwa akatswiriwo adabisala m'thupi la wantchito wamba, ndipo okonda nkhani adatha nthawi akulozerana kuti kaya ndi uyu kaya ndi uyo, mpaka mlembi wamkulu wa nkhaniyi, Greg Farshtey, adaulula kuti ndi Velika, kamunthu koyankhula m'mikuluwiko. Palinso maiko ena ofanana ndi loyambali, amene khomo lake limatsekulidwa ndi chigoba chotchedwa Olmak. Kwina Toa adasanduka olamulira ankhanza pansi pa mfumukazi Tuyet. Kwina Mata Nui adafa osadzuka, ndipo otsala adamanga ufumu wawo pachilumba. Kwina Spherus Magna sidang'ambike, ndipo Makuta ndi wolungama. Zidolezi zidaleka kupangidwa mu 2010, nkhani zina zidasiyidwa panjira. Zitabwereranso mu 2015 ndi chilumba chatsopano cha Okoto, anthu adayamba kulingalira ngati dziko latsopanoli lili paubale ndi lakale lija, poona kuti chigoba cha nthawi m'nkhani yoyamba chimaphimba kumunsi kwa nkhope kokha, pomwe m'nkhani yachiwiri chikuoneka cha kumtunda. Mu 2016 kampani idalekanso, funsolo lili chiyimire.

Tsopano ku mlandu woyamba, woti izi n'zachibwana. Tiyeni tione chimene mwana amachita akamalingalira kuti katswiri wobisala uja ndani. Amasonkhanitsa zimene adamva ndi kuwerenga, amaona pamene nkhani yasiya mpata, amapereka ganizo lake, ndipo mnzake akamuonetsa umboni wotsutsa amalisiya kapena kulikonza. Ndinenetse kuti ntchito imene ndinkachita kuyunivesite, pofufuza malamulo obisika a chiyankhulo kuchokera m'ziganizo zimene anthu amayankhula, idali yomweyi. Ndi yomweyinso imene nduna zimachita pabwalo, pogwirizanitsa mawu a mboni ziwiri zosemphana. Funso loti wopangayo adapangidwa ndi yani lavutitsa anthu anzeru m'mibadwo yonse. Mwana wa zaka 11 akalifikira yekha, atagwira chidole cha mkono umodzi, ndiye kuti mutu wake wayamba kugwira ntchito. Akuluakulu adati ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Mwana akafunsa ndipo wachiwiriyo n'kumuuza kuti akhale chete, adzakafuna wachiwiri wina, ndipo wachiwiri winayo ali pafoni, akuyankhula Chingerezi.

Komanso kulowerera m'nkhani ya wina si mwambo wachilendo kwa ife. Agogo akati "Padangotero," ife timayankha kuti "Tili tonse." Anzathu kuno akamva "Paukwa" amayankha "Pakawa." Womvera nthano kwathu sadali thumba longothiramo mawu. Ankavomera nyimbo, ankafunsa, ankatsutsa ngati Kalulu wapulumuka mosamveka, ndipo mawa lake ankakaifotokoza kudambo ataisintha pang'ono. Amene tidaumbapo ng'ombe zadothi kapena kupinda galimoto zamawaya tikukumbukira kuti ng'ombezo zidali ndi maina, zidali ndi adani, ndipo galimotozo zinkapita ku Joni n'kubwerako tsiku lomwelo. Palibe mkulu amene adatiuza kuti tikudetsa Chichewa.

Ngakhale nkhani zathu za chiyambi cha zinthu sizidayende njira imodzi. Ina imati Chauta adatsitsa mwamuna ndi mkazi pamodzi ndi mvula pa Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, ndipo mapazi awo adadinda pathanthwe lisanaume. Anthu, nyama ndi Chauta ankakhala pamodzi mwamtendere kufikira tsiku limene munthu adapeka moto n'kutentha tchire. Nyama zidathawa, galu ndi mbuzi zidathawira kwa munthu, ndipo Chauta adakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude, nalamula kuti munthu azifa. Ina imati imfa idadza chifukwa nanzikambe, wotumidwa ndi uthenga wa moyo, adazengereza panjira napitiriridwa ndi buluzi wonyamula uthenga wa imfa. Matthew Schoffeleers ndi Adrian Roscoe adasonkhanitsa nkhani zoterezi m'buku lawo la Land of Fire la 1985. Agogo a ku Dedza ankanena yawo, a ku Katete yawo, ndipo palibe amene adapita kukasuma kuti mnzake wanama. Pamenepa ndili ndi mawu kwa okonda Bionicle eni akewo. Kwa zaka zambiri ambiri a iwo ankatumiza mafunso kwa Farshtey, ndipo chimene iye wayankha chinkasanduka lamulo, ganizo la wina aliyense n'kugwa. Ine ndikuona kuti makolo athu adali patsogolo. Nkhani ikatuluka m'kamwa mwa mwini wake imakhala ya onse amene ati tili tonse.

Sindikukana kuti kuseri kwa zonsezi kuli malonda. Kampani sidalembe nkhaniyi chifukwa chokonda nzeru za ana. Tahu yekhayo adagulitsidwa kangapo m'maonekedwe atsopano, ndipo zidolezi zidathandiza kwambiri kuchirikiza LEGO m'zaka za 2003 ndi 2004 pamene inkataya ndalama zambiri. Kholo lili ndi ufulu wokana kugula. Koma kulingalira sikugulidwa. Mwana wa mlongo wangayu ali ndi chidole chimodzi chopunduka, chogulidwa pa mtengo wa botolo la soda, ndipo maiko onse atatu aja amawayendera asanatulutse shilingi ina.

Mlandu wachiwiri ndi wolemera, ndipo sindiupeputsa. Mkuluyo akuopa kuti mwana asokonezeka, ayamba kuika zidole pampando wa Mulungu. Yankho langa ndi lakuti chimene chingamusokoneze ndi Chingerezi chimene akumutumizako. Chingerezi cha masiku ano chimagwiritsa ntchito liwu limodzi lomwelo potchula Mulungu, potchula wolemba nkhani, ndi potchula mnyamata woika timakanema pa intaneti. Chichewa sichilola chisokonezo chotero. Mayi amaumba mbiya. Mmisiri amasema mtondo. Wachipala amasula khasu. Wina amaluka dengu, wina amamanga nyumba, wina amapeka nyimbo. Aliyense wa amenewa amayamba wapeza dothi, mtengo, chitsulo kapena nsungwi. Kulenga tidakusiyira mmodzi, ndipo tidamutcha Namalenga. Omasulira Buku Lopatulika, limene lidatuluka lathunthu mu 1922, adasiyanitsa mawuwa: kumwamba ndi dziko lapansi Mulungu adalenga, munthu adamuumba ndi dothi. M'Chiswahili liwu loti kuumba lidakwera n'kukhala la Muumba, ndipo woumba mbiya adapatsidwa lina, kufinyanga. Ife tidasunga onse awiri, lililonse pamalo pake.

Ndiye mwana uja atandifunsa kuti Great Beings tiwatche chiyani, tidawayesa pa mawu amenewa. Kodi adalenga? Ayi, adagwiritsa ntchito zimene adazipeza kale. Kodi amalakwitsa? Kwambiri, popeza mafumu amene adapanga ndiwo adaphwanya dziko. Kodi amaopa ntchito ya manja awo? Inde, mpaka adapanga chimakina china chotchedwa Marendar choti chidzaphe Toa ngati atadzaukira. Amene amatola zipangizo, amalakwitsa, ndipo amaopa chimene wapanga, ameneyo ndi mmisiri. Tidawatcha Amisiri Akuluakulu, ndipo Ekimu wa ku Okoto, amene amapanga zigoba ndi nyundo, tidamutcha wosula. Mwanayo yekha adamaliza kuti, "Ndiye kuti si milungu, amalume, ndi anthu anzeru chabe." Chiphunzitso chimene mkuluyo ankafuna kuteteza chidatetezedwa ndi Chichewa chomwe ankati tisachigwiritse ntchito.

Nkhani ya chopangidwa chimene chimadzuka n'kukhala ndi moyo nayonso si ya ku Denmark kokha. Kuchoka pano kupita ku Mwenge ndi ulendo waufupi, ndipo kumeneko mumapeza osema ziboliboli za mtengo wa phingo mwa luso la Amakonde, anthu a kumwera kwa Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique. Nthano yawo ya chiyambi imanena za munthu amene ankakhala yekha kuthengo, nasema chiboliboli, nachiimika panja. Kutacha adapeza chasanduka mkazi wamoyo. Funso la nthanoyo ndi lomwe lili pamtima pa Bionicle: chopangidwa chimaleka liti kukhala chinthu n'kukhala munthu? Amisiri Akuluakulu aja ankafuna antchito omvera ongoyendetsa makina, koma antchitowo adayamba kukonda, kuopa, kupembedza ndi kupanduka.

Pa funso limeneli Chichewa chili ndi chida chimene ndidachiona chikugwira ntchito ndi maso anga. Tsiku limene mwana uja adagula kamunthuko adati, "Chidolechi chathyoka mkono." Patapita sabata adati, "Tahu wathyoka mkono, koma saopa." Palibe amene adamuuza kuti asinthe. Galamala yathu imagawa maina m'magulu, ndipo mneni amavala chizindikiro cha gulu la mwininkhani, kotero kuti sungathe kunena chiganizo chimodzi chokhudza Tahu usanagamule ngati ali chinthu kapena munthu. Makolo athu adadziwa mphamvu ya tizilembo timeneti. Ku gule timati chilombo chatuluka, chavina, chabwerera kudambwe, ndipo chi- ameneyo amanyamula chiphunzitso chonse. Chiyankhulo chimene chimakakamiza woyankhula kugamula funso lalikulu chotero m'chiganizo chilichonse sichingakhale chosauka pa nkhani za opanga ndi zopangidwa.

Izi zandifikitsa pa mlandu wachitatu, umene ndi wopweteka kuposa yonse: woti nkhani zoterezi si za Chichewa. Ena amaunena mwaulemu, kuti Chichewa n'cholemekezeka kwambiri. Ena amaunena mwachipongwe, kuti Chichewa chilibe mawu. Onsewa mathero ake ndi amodzi, mwana amapita kwina. Tiyeni tiyese pa liwu lovuta kwambiri, la maiko ena aja. Chingerezi chimawatchula ndi liwu lonena za mizere iwiri yoyenda moyandikana yosakumana konse. Koma maiko a m'nkhaniyi sali otero. Onse adali dziko limodzi kufikira tsiku lina, pamene wina adachita mwina m'malo mwa mwina, ndipo mbiri idagawikana. Mwana aliyense amene adasemapo legeni amadziwa dzina la chinthu chotero: mphanda. Tsinde limodzi, nthambi ziwiri. Ife pakhonde paja timawatcha maiko amphanda, ndipo tsiku logawikanalo timalitcha mphambano. Ndikuona kuti mawu athuwa akulongosola chinthucho molondola kuposa a eni ake.

Ndiponso khomo lolowera m'maiko amenewa lili kale m'mneni wathu. Tikati "ndikadapita, bwenzi nditamupeza," tamanga dziko lina limene ndidapita ndi kumupeza. Ena amati ndikanapita, abale a ku Zambia amati sembe ndinapita, anzathu a Chiswahili ali ndi -nge- ndi -ngali-. Mayi wamasiye amene akulira kuti akadafulumira kuchipatala bwenzi mwamuna wake ali moyo akuyang'ana m'dziko lamphanda. Mlimi amene akuti akadabzala ndi mvula yoyamba bwenzi nkhokwe itadzaza akuchita chimodzimodzi. Kulapa, kudandaula, kuphunzira pa cholakwa, zonsezi zimadalira luso loona dziko limene silidachitike. Olemba a Bionicle adangotenga ka -kada- kathu komweka n'kukamangira nyumba. Atafunsa kuti zikadakhala bwanji ankhondo olungama akadaganiza kuti iwo okha ndiwo akudziwa chabwino, adapeza ufumu wankhanza wa Tuyet. Amene tidamva kwa makolo athu za zaka za chipani chimodzi sitingati funso limeneli n'lachibwana.

Kuno ku Kijitonyama kuli maofesi a BAKITA, bungwe la boma losamalira Chiswahili lomwe lidakhazikitsidwa mu 1967. Chimene ndaphunzira pokhala pakati pa eni Chiswahili n'chakuti sachita manyazi kulowa ndi chiyankhulo chawo paliponse. Intaneti adaitcha mtandao, ndipo ana amakangana za makanema, za mpira ndi za makina m'Chiswahili osapepesa. Nafenso tili ndi mabungwe athu. Chichewa Board idakhazikitsidwa mu 1972, ndipo Centre for Language Studies ya ku Zomba, imene idalowa m'malo mwake mu 1996, idatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Ntchito imeneyo ndi yaikulu. Koma liwu silikhala lamoyo chifukwa lalembedwa m'buku. Limakhala lamoyo mwana akalifuna pakati pa mkangano. Anyamata amene amamasulira mafilimu achitchaina ndi achimwenye m'Chichewa, oonetsedwa m'timanyumba ta kanema m'misika ya kwathu, adazindikira izi kalekale. Timawaseka chifukwa cha nthabwala zawo, koma iwo sadaimepo n'kunena kuti Chichewa chilibe mawu. Shadreck Chikoti adalemba Azotus the Kingdom, buku lolingalira Afirika wa zaka mazana asanu kutsogoloku, ndipo lidatuluka m'Chingerezi. Tsiku limene wina adzafune kulemba lotero m'Chichewa, adzafuna owerenga amene adazolowera kulingalira zosaoneka m'chiyankhulo chawo. Owerengawo akuleredwa lero, kapena sakuleredwa.

Chiyankhulo chimene tachisungira maliro, mapemphero ndi kukalipa chimasanduka ngati mbale zagalasi za m'kabati, zotulutsidwa pakabwera alendo. Mwana wobadwira ku Dar es Salaam, ku Harare kapena ku Johannesburg sadzachikonda chifukwa tamuuza kuti mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Adzachikonda ngati chimene amachikonda kale chikupezeka m'menemo. M'mera m'poyamba. Ngati ali ndi zaka 11 waphunzira kuti zodabwitsa zonse zimakambidwa m'Chingerezi ndipo Chichewa n'chokagulira makala, akadzafika zaka 30 simudzamubweza.

Pali mbali imodzi imene mkuluyo adalasa, ngakhale adaloza kolakwika. Alipodi mawu amene sayenera kuseweretsedwa, ndipo mbiri ya zidole zomwezi ikutiphunzitsa zimenezo. Maina ambiri a m'nkhaniyi adatengedwa m'chiyankhulo cha Amāori a ku New Zealand. Toa ndi wankhondo, pōhatu ndi mwala, kanohi ndi nkhope, whenua ndi nthaka komanso ndi nsengwa imene mwana amabadwa nayo. Anthu wamba a pachilumba chija poyamba ankatchedwa Tohunga, liwu limene kwa Amāori limatchula katswiri wolemekezeka wa miyambo, wansembe kapena sing'anga. Mu 2001 loya wina, Maui Solomon, adalembera kampaniyo kudandaula m'malo mwa magulu a anthu akwawo. Kampani idamva, idasintha dzinalo kukhala Matoran, idasinthanso kalembedwe ka maina ena. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. UNESCO idalengeza Gule Wamkulu kukhala chuma cha anthu onse mu 2005, ndipo zithunzi za zigoba zathu zili ponseponse. Tsiku lina wina akhoza kulemba Kasiyamaliro kapena Chadzunda pabokosi la chidole, osadziwa kuti wakhudza chiyani.

Chotiteteza pa tsiku limenelo ndi mbadwo umene ukudziwa kusiyanitsa nthano ndi mwambo, zokambidwa pamoto ndi zosakambidwa kunja kwa dambwe. Amāori adatha kudandaula chifukwa padali anthu odziwa kulemera kwa liwu loti tohunga, amenenso adali kuona zimene zikugulitsidwa m'masitolo. Mwana amene tamuthamangitsira ku Chingerezi adzagula bokosi lija osamva kanthu. Mwana amene wakhala pakhonde n'kumayesa kuti uyu adalenga kapena adasula ndi amene adzaimirire n'kunena kuti dzina ili si lamalonda. Ulemu wa mawu umaphunziridwa powagwiritsa ntchito.

Choncho pempho langa ndi ili. Mwana wanu akabwera ndi nkhani ya zidole, ya makatuni kapena ya masewera apakompyuta, musamubweze. Mufunseni kuti akufotokozereni m'Chichewa, ndipo pamene liwu lasowa, lifuneni limodzi. Mwina mawu athu a maiko amphanda ndi Amisiri Akuluakulu sakukukomerani. Mwina ku Chipata kapena ku Angónia muli ndi ena oposa pamenepa. Abweretseni, titsutsane, chifukwa mutu umodzi susenza denga. Chimene sindingavomere ndi chakuti tikhale chete m'dzina la ulemu. Kwa mkulu uja ndidzapita ndekha, ndidzakhala pansi monga mwana, ndipo ndidzanena zomwezi mofatsa, popeza ndikudziwa kuti chimene akuopa kutaya ndi chomwe inenso ndikuopa kutaya.

Mwana uja wabwereranso pakhonde. Tahu wake tsopano ali ndi chigoba chodulidwa ku patapata wakale. Usiku wa dzulo magetsi atazima ndidati, "Padangotero," ndipo iye, atakumbutsidwa ndi mayi ake, adayankha kuti, "Tili tonse." Ndidamuyambira ya Kaphirintiwa. Nditafika pa ulusi wa kangaude adandidula pakamwa.

"Amalume, munthu uja akadapanda kupeka moto, bwenzi Chauta akadali pansi pano? Nanga nsima bwenzi tikuphika bwanji?"

Sindidamuyankhe, chifukwa yankho ndilibe. Ndalibweretsa kwa inu.